Geji ya mafuta ikayamba kunama, yezani kaye musanagule masipeya

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla AE110 ya 1997, imodzi mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale, ndipo thanki yake imalowa malita 50. Geji yake ya mafuta inayamba kunama kumapeto kwa 2024, pamene mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta inkachita kukhota m'misewu ya Lilongwe. Mafuta akamapezeka paliponse, geji yonama munthu umatha kupirira nayo. Koma akasowa, geji ndi imene imakuuza ngati ukagone pamzere usiku womwewo kapena ungapite kaye kuntchito mawa, ndiponso ngati ungathe kunyamuka akakuimbira kuti kumudzi kwagwa matenda. Pamizere yomweyo ndinacheza ndi madalaivala ambiri amene mageji awo anafa kalekale. Ambiri anangowasiya poganiza kuti kukonza kwake kumafuna ndalama zankhaninkhani, ndipo zimenezi zimandiwawa, chifukwa nthawi zambiri chofunika ndi kuyeza basi.

Yanga inkachita zinthu ziwiri. Ndikathira fulu thanki, pampu ya pamalo omwetsera mpaka kudula yokha, muvi sunkafika pa F. Unkaima pakati pa hafu ndi F. Ndiye mafuta akatsika kufika chakumunsi kwa hafu, muvi unkayamba kutsika wokha mpaka kugona pa E, kenako ndikadutsa pahampu kapena kukhota paraundabauti unkadzukanso pang'onopang'ono. Nthawi yonseyi kanyali kochenjeza kuti mafuta atha sikankayaka.

Malangizo sanasowe. Wina anati ndisinthe mageji onse a pa dashibodi, wina anati ndigule pampu yamafuta yathunthu. Alamu anga ndi amene ananditumiza ku Biwi, kwa bambo wina wachikulire wokonza zamagetsi a galimoto, amene ntchitoyi anaiyamba nthawi ya ma Peugeot 504 ndi ma Datsun. Anamvetsera nkhani yanga osandidula, kenako anati, "Abwana, musagule kanthu kaye. Pamenepa pali zinthu zitatu: floti muthanki, mawaya, ndi geji yeniyeniyo ya pa dashibodi. Zonse sizidwalira limodzi. Tiyeni tione chimene chikudwala."

Mmene zimagwirira ntchito ndi mofunika kumvetsa, chifukwa mukamvetsa, zizindikiro zimalankhula zokha. Muthanki muli floti, kanthu koyandama komangiriridwa ku kamkono ka waya wolimba, monga mpira uja wa m'thanki ya chimbudzi chamadzi. Mafuta akamatsika floti imatsika nawo. Kumutu kwa kamkonoko kuli kalilime kachitsulo kamene kamakhula pa kabolodi kokhala ndi timizere tambirimbiri, ndipo pamene kalilime kaima ndi pamene pamasankha kuti magetsi adutse mosavuta kapena movutikira. Zimenezi amayeza ndi ma ohm. Pa ma Toyota a zaka zimenezo, thanki ikadzaza floti imapereka ma ohm pafupifupi 3 kapena 4, ndipo ikakhala yopanda kanthu imapereka pafupifupi 110. Geji ya pa dashibodi siona mafuta ayi. Imangomva magetsi amene akudutsa, n'kukhulupirira. Ndiye pa galimoto ngati yangayi, chilichonse chotsekereza magetsi panjira, kaya dzimbiri kaya waya wotsala pang'ono kuduka, chimatsitsa muvi. Waya akadukiratu muvi umagona pa E. Koma waya akasupuka n'kukhudza bodi ya galimoto, magetsi amapeza njira yachidule ndipo muvi umakakamira pa F ngakhale muthanki muli mbee. Si galimoto zonse zili chonchi. Za General Motors zakale, mwachitsanzo, zimawerenga mosemphana, 0 thanki ilibe kanthu ndi 90 itadzaza, kotero zizindikiro zakenso zimatembenuka. Dziwani kaye mtundu wa yanu.

Bambo aja anayambira pa zosafuna kumasula kanthu. Anatsegula kabokosi ka mafyuzi n'kuona yolembedwa GAUGE. Inali bwino, ndipo anati ankayembekezera zimenezo, chifukwa fyuzi imeneyi ikapsa si geji ya mafuta yokha imene imafa. Kenako anandiuza kuti ndilize injini, ndiyatse magetsi akutsogolo, ma indiketa ndi fani, iwo maso ali pa mivi. Ankafuna kuona ngati muvi wa mafuta ndi wa kutentha kwa injini ungasunthe limodzi. Ikasuntha yonse iwiri mukayatsa magetsi, vuto lili kuseri kwa dashibodi, kawirikawiri earth yake, waya wobwezera magetsi ku bodi ya galimoto. Pa galimoto zakale kwambiri, za m'ma 1970 ndi 1980, mageji awiriwa amadyera pa kachipangizo kamodzi kochepetsa mphamvu ya magetsi, ndipo kakafa onse amanamira mbali imodzi. Pa yanga palibe chinasuntha. Anangoti, "Kutsogolo kuno kuli bwino. Tipite kumbuyo."

Pa Corolla imeneyi simufunika kutsitsa thanki kuti mufike pa floti. Mukachotsa khushoni ya mpando wakumbuyo mumapeza kachivindikiro kachitsulo pansi, ndipo pansi pake ndi pamene pali mutu wa pampu ndi pulagi yake. Titatsegula kachivindikiroko ndinaona zimene misewu yathu imachita kumalo amene sitiyang'anako. Dothi lofiira linali litaumbika pamwamba pa thanki, louma gwa, lokhala ndi mizere yoonetsa pamene madzi a dzinja ankafika. Ndimakhala ku Area 25 ndipo kwathu ndi kupitirira Mitundu, kotero fumbi la chilimwe ndi matope a mu January zonse zinali pamenepo. Atazula pulagi anandionetsa mkati mwake ndi tochi. Timano tiwiri tinali towala, koma tina tinali tobiriwira, ndipo kamodzi kanali ndi ufa woyera wonyenyeka akakagwira ndi nsonga ya sikuludiraiva.

Apa ndi pamene anachita kuyesa kumene kumagawa nkhani yonse pawiri. Pulagi ili yozula, ndinatembenuza kiyi kufika pa ON osaliza injini. Muvi unayamba kutsika mpaka pa E. Osafulumira pamenepa, chifukwa mivi ya galimoto zimenezi anaipanga kuti iziyenda mochedwa dala, kuopa kuti ingamavine mafuta akamakhavuka muthanki. Kenako analumikiza waya wa geji ku earth kudzera pa kababu kakang'ono koyesera, ndipo muvi unanyamuka kulowera ku F osaima panjira. Anachotsa msanga usanakakamire kumapeto. Tanthauzo lake linali loti geji ya pa dashibodi ndi waya wochokera kutsogolo zili bwinobwino. Ndalama zogulira dashibodi zinapulumukira pomwepo.

Chonde, pa pulagi imeneyi musamangolumikiza mawaya mwachisawawa. Pa galimoto za injekishoni, pulagi yomweyo imanyamulanso magetsi a pampu, ndipo mukagunditsa waya wa pampu ku bodi muwotcha fyuzi, kapenanso kuthethetsa moto pamwamba penipeni pa petulo. Mawaya a pampu amakhala onenepa kuposa a geji, ndipo pa Toyota waya woyera wa mzere wakuda kawirikawiri ndi wa earth, koma tsimikizani ndi mita yoyezera magetsi musanagwire. Pa galimoto zatsopano zimene floti imadutsira pa kompyuta, kuyesa kotereku kusiyireni odziwa.

Anatsuka timano ta pulagi ndi mankhwala opopera otsukira zamagetsi ndi kaburashi, n'kufinya pang'ono timabowo take kuti tizigwira zolimba. Anatsatiranso waya wa earth mpaka pamene wamangidwa ku bodi, n'kupeza bauti yake itachita dzimbiri. Anapala mpaka chitsulo chinawala, anamanga, n'kupaka girisi pamwamba. Anandiwerengetsera chonchi: ngati fulu thanki ndi ma ohm 3 kapena 4, dzimbiri likangowonjezera 15 kapena 20 panjira, geji imaona ngati mafuta atsika kale, ndipo muvi sungafike pa F ngakhale muthire mpaka kusefukira. Titabwezeretsa pulagi, muvi unakwera kupitirira pamene unali m'mawa, mafuta ali omwewo. Vuto loyamba linathera pamenepo, popanda kugula sipeya iliyonse.

Lachiwiri, la muvi wogwa n'kudzukanso, linafuna kutulutsa floti. Bamboyo anakana kutsegulira thanki pamene tinali, chifukwa kuseri kwa mpanda kunali anyamata owotcherera mageti, ndipo pafupi pomwepo mayi wina ankakazinga chimanga pambaula. Tinakankhira galimoto pabwalo patali, zitseko zonse zili zotsegula. Anazula pulagi ya pampu n'kuliza injini mpaka inazima yokha, kuti mafuta a m'mapaipi asatuluke ndi mphamvu pomasula. Kenako anachotsa waya wa negetivu pa batire, n'kuyeretsa dothi lonse lija asanamasule bauti ngakhale imodzi, kuti lisagwere muthanki. Chimene chimayaka kwambiri ndi mpweya wa petulo, ndipo thanki yotsala pang'ono kutha imakhala yodzaza mpweya umenewu. Fodya, machesi, babu lamagetsi lopanda chotchinga, zonsezi zikhale kutali. Ngati kunyumba kwanu mulibe malo otakasuka, gawo limeneli musachite nokha.

Floti itatuluka anayamba waigwedeza pafupi ndi khutu. Floti yamphako ikabooka imalowa petulo n'kumira, ndipo mumamva kukhuchumuka mkati. Ikamira imapangitsa muvi kukhala pansi nthawi zonse. Yanga inali youma. Anasunthanso kamkono m'mwamba ndi pansi kuti amve ngati kakugwira penapake, chifukwa dzimbiri ndi zinyalala za muthanki zimatha kuumitsa polumikizira pake muvi n'kukakamira malo amodzi. Kankayenda bwino.

Ndiye anatenga mita, anaiika pa ma ohm 200, n'kundipatsa kuti ndiziwerenga iwo akutsitsa kamkono pang'onopang'ono. Pamwamba inawerenga 4. Manambala anayamba kukwera mwadongosolo, 10, 18, 27, kumangopita. Titadutsa pakati, nambala inazimiririka, mita n'kuonetsa kuti njira yaduka. Anatsitsanso pang'ono, manambala anabwerera n'kupitiriza mpaka cha m'ma 110. Anabwereza, ndipo pamalo omwewo inadukanso. Atayang'anitsa kabolodi kaja padzuwa, ndinaona ndi maso anga: timizere takumwamba ndi takumunsi tinali tathunthu, koma chakumunsi kwa pakati panali kanjira kofufutika kumene kalilime kanadya mpaka kufika pa choyera cha pansi. Kalilime kakafika pamenepo geji inkaona ngati waya waduka, n'kutsitsa muvi pa E. Hampu ikagwedeza mafuta, kalilime kankachoka pakanjirako muvi n'kudzuka. Kanyali kochenjeza sikankayaka chifukwa pa ma Toyota ambiri akale kali ndi kachipangizo kakekake muthanki, kosadalira floti, ndiye kankanena zoona pamene muvi unkanama. Ngati yanu ili choncho, kanyaliko ndi mboni yachiwiri yofunika kuimvera.

Ndinafunsa kuti, "Bambo, n'chifukwa chiyani kadyeka pamenepa pokha?" Anati, "Abwana, ndi angati amathira fulu thanki muno m'tauni? Tonse timathira ochepa ochepa. Floti imakhalira kuvina pakati pa kotala ndi hafu zaka ndi zaka, ndiye pamene ikuvinirapo ndi pamene pamatha." Mawu amenewa ndimawaganizirabe, chifukwa akufotokoza chifukwa chake mageji ambiri a kuno amanamira dera lomwelo, dera limene munthu umafunitsitsa kudziwa zoona.

Timizere tikangoda ndi litsiro, kutsuka kumathandiza: mankhwala opopera aja ndi labala ya pensulo, osati sandipepa wokhakhala, amene amangomaliza zotsalazo. Kalilime kakafooka amakapinda pang'ono kuti kazigwira. Koma timizere tikadyeka, palibe kutsuka kumene kungatibweze, ndipo anandiuza mosabisa kuti ndipeze floti ina. Pa galimoto imeneyi floti imamasuka payokha pa chitsulo chonyamula pampu, ndiye simukakamizika kugula zonse pamodzi.

Ndinakaisaka m'mashopu a masipeya ku Malangalanga, nditanyamula yakale ija ndi mita yobwereka. Ndikulimbikitsa aliyense kuchita chimodzimodzi. Zambiri zimene mungapeze ndi zochotsa ku galimoto zina, ndipo floti yooneka bwino kunja ikhoza kukhala yodyeka pamalo omwewo ngati yanu. Yezani pakauntala pomwepo, kamkono kakuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumwamba mpaka kumunsi, ndipo nambala ikadumpha kapena kuzimiririka ibwezeni. Yerekezaninso kutalika ndi kupindika kwa kamkono, chifukwa thanki iliyonse ili ndi kuya kwake. Ndipo musalole mawu akuti zonse n'zofanana. Ma Nissan ambiri a zaka zomwezo amathera cha m'ma ohm 80, ndiye floti yotere mukaiika pa geji yoyembekezera 110, muvi sudzafika pa E ngakhale thanki iume. Pobwezeretsa tinaika raba yatsopano pakamwa pa thanki, ndipo titadzaza mafuta tinatsegulanso kachivindikiro kuona ngati pakunyowa. Mukamamva fungo la petulo m'galimoto pambuyo pa ntchito ngati imeneyi, bwererani msanga.

Geji yanga inkanama motsitsa, ndipo kunama kumeneku kumangokutayitsa nthawi pamzere. Koopsa ndi kunama kokweza. Tsiku limene tinkaika floti ina, pagarajapo panali galimoto yakale ya hayala imene inathera mafuta cha ku Nathenje usiku, ili ndi anthu, muvi uli pa kotala. Kotala wa thanki ya malita 50 ndi malita 12 ndi theka, okwanira kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima, ndiye dalaivala analibe chifukwa chodera nkhawa. Bambo aja anandiitana kuti ndigwade ndisuzumire kunsi. Thanki yachitsulo inali itaphwanyikira mkati, chizindikiro cha mwala chikuoneka bwinobwino, ndipo chotupacho chinali ndendende pansi pa floti. Mafuta akamatsika floti inkakhala pachotupapo n'kulephera kupitirira, geji n'kumati kotala alipo. Floti, mawaya ndi geji zonse zinali zabwino. Mita sikanapeza kanthu, anapeza ndi maso. Ngati mumayenda misewu yafumbi mutanyamula katundu, kapena munamvapo kugunda kwamphamvu kunsi pahampu, suzumirani thanki musanayambe china chilichonse. Ndipo thanki ya petulo musaipereke kwa owotcherera wamba, ngakhale ataitsuka ndi madzi, chifukwa mpweya wotsalira umaphulika.

Kunama kokweza kumabweranso pambuyo posintha pampu. Kamkono kamapindika polowetsa pakamwa pa thanki, kapena floti imakodwa pa paipi kapena pa waya wa pampu. Geji ikayamba kusokonekera sabata yomweyo imene mwasinthitsa pampu, yambirani kufunsa pamenepo.

Pali zinanso zimene si matenda. Muvi kusintha pang'ono mukaimika galimoto pachitunda ndi mmene ziyenera kukhalira. Kukhalitsa pa F kenako n'kutsika mofulumira chakumunsi n'chimodzimodzi, chifukwa thanki ikadzaza floti imakanikizika kudenga mpaka mafuta atsikeko, ndipo thanki si bokosi lofanana m'lifupi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pa E pamatsala malita angapo, koma musawasandutse chizolowezi. Pampu ya muthanki imaziziritsidwa ndi petulo yemwe ikupopayo, ndipo ikamayamwa mphepo imatha msanga. A galimoto za dizilo ali ndi vuto linanso: mafuta akatheratu, mphepo imalowa m'mapaipi ndipo injini siilira mpaka aitulutse.

Floti ina itaikidwa sindinangoikhulupirira. Mafuta atatsika mpaka kanyali kuyaka, ndinkathira malita 10, n'kudikira muvi ukhazikike galimoto ili pamalo osapendekeka, n'kulemba pamene waima. Ndinachita choncho mpaka kudzaza, ndipo tsopano ndikudziwa kuti mzere uliwonse ukuimira malita angati pa galimoto yangayi. Ngati geji yanu simunakonzebe, kabuku ndi manambala a trip pa dashibodi, owerenga makilomita a ulendo, zikusungani. Dzazani mpaka pampu idule yokha, bwezani trip pa 0, ndipo podzazanso gawani makilomita ndi malita amene alowa. Yanga m'tauni imayenda makilomita 11 kapena 12 pa lita, paulendo wautali kuposerapo. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene amakupatsa ochepa okha, lembani malita aliwonse amene mwathira ndi nambala ya makilomita tsiku limenelo, n'kumawerengera ndi nambala yaing'onoyo ya makilomita pa lita. Kumbukiraninso kuti trip siiwerenga mafuta amene apsa galimoto itaima. Injini yaing'ono ngati ya Corolla ikamangolira pamalo amodzi imadya pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola, ndiye maola a pamzere ndi a pa mzere wa magalimoto wa madzulo potuluka m'tauni muziwachotsera m'kabukumo, ndipo mzere ukaima zimitsani injini.